WOKANIDWA KU JOHANNESBURG ASATHAMANGIRE KU NAIROBI

Kale anthu a ku Ncheu akasowa nchito ankalowera ku Harare kapena ku Joni. Lero adzukulu ao ophunzira akulakalaka nchito m'makampani akuru olangiza maboma ndi amalonda, monga McKinsey, Bain ndi BCG. Onse atatuwa alibe ofesi m'Malawi muno. McKinsey inatsegula ofesi ku Johannesburg mu 1995, ndi ina ku Nairobi mu 2014.

Tsono mnyamata akakanidwa ku Johannesburg amaganiza zolembera ku Nairobi mwezi womwewo. Apa mpamene ambiri amaphonya. Maofesi ngosiyana koma kampani njimodzi, ndipo dzina la wokanidwa limatsala m'kaundula. Kawirikawiri amayenera kudikira caka kapena ziwiri. Cilankhulo naconso amaciyang'ana: ku Casablanca, wosadziwa ciFalansa palibe cace.

Aphunzitsi alangize ana ao kuti nthawi yodikirayo isapite pacabe. Mayeso a makampaniwa sali oloweza ai. Amampatsa munthu bvuto la malonda kuti alimasule pamaso pao, monga ngati kuwerengera phindu la thumba la kachewere locokera ku Tsangano, atacotsa mtengo wa feteleza, wa galimoto ndi wa mbatata zoola panjira.