Nyumba ya M'tauni Ikakulakani, Musathamangire Kumudzi Ndalama Zili M'manja



Mwambi wathu wa lero ndi uja wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndiufotokoza poyang'ana nkhani imene yafala pakati pa anthu ogwira ntchito m'mizinda, makamaka amene akuyandikira kupuma pa ntchito, ndiponso ana athu amene ali ku Joni ndi ku Mangalande.

Nkhaniyo imayenda motere. Munthu wasunga ndalama zaka zambiri, wapeza nyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni, ndipo wagwirizana mtengo ndi mwini wake. Atatsala pang'ono kulipira, zinthu zimasokonekera. Mwina mwini nyumba wakweza mtengo, mwina banki yakana ngongole, mwinanso kwatulukira abale akuti nyumbayo ndi ya masiye ndipo wogulitsayo sadawafunse. Munthu uja amabwerako chimanjamanja, mtima uli kuwawa. Sabata isanathe mumumva akuti, "Za m'tauni zandikwana. Ndikasaka malo kumudzi, kwa zii, ndikamange kanyumba kopumulirako."

Maganizo amenewa ine sindiwatsutsa. Kumudzi kuli mpweya wabwino, kuli malo odzala nthochi ndi kuweta nkhuku, ndipo munthu wokalamba amagona tulo tokoma kumene sikulira magalimoto. Ndikumvetsanso chifukwa chake anthu amapupuluma. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene adasunga ndalama kubanki adadzuka ali osauka kuposa mmene adagonera. Yense amene adaona zimenezi amafuna kusandutsa ndalama zake kukhala dothi ndi njerwa msanga. Komatu munthu wokhumudwa ndiye amene mbala imamuzindikira patali, ndipo akuluakulu adati afulumira adadya gaga. Mfundo yanga ndi imodzi: nyumba ya m'tauni mumagula kwa munthu mmodzi, koma malo akumudzi mumawalandira kwa anthu ambiri, ndipo anthuwo ndiwo muyenera kuyamba kuwadziwa musanayang'ane dothi.

Tiyambe ndi funso lakuti mwini malo ndani. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, munda ndi wa mbumba. Umadutsa mwa amayi, ndipo amene amauyang'anira ndi mwinimbumba, amene ana amamutchula kuti malume kapena atsibweni. Mwamuna amene ali pa chikamwini akhoza kulima munda umodzi zaka makumi atatu, mitengo ya mango imene adadzala n'kukula mpaka kubereka, koma mundawo si wake. Iye akakugulitsani, mwagula mlandu. Kumpoto, pakati pa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, malo amatsata mzere wa bambo, ndipo kumeneko muyenera kumva mawu a abale a kuchimuna. Kulikonse kumene mungapite, munthu mmodzi akakukokerani pambali n'kunena kuti "tithane awiriwiri, enawa angotichedwetsa," dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Makolo athu adali ndi njira yake yolandirira mlendo wofuna malo. Mlendoyo sankangofikira kwa mfumu yekha. Ankapeza munthu wa m'mudzimo womudziwa, womuperekeza ndi kumuchitira umboni kuti si mfiti, si wakuba, ndipo sadathawe mlandu kwawo. Nyakwawa inkaitana akuluakulu ndi eni minda yoyandikana, onse n'kuyenda m'malire dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kudzala nkhadze kapena khonje kuti malirewo asaiwalike. Nkhuku imene mlendo ankapereka idali yothokozera chabe. Mboni za tsiku limenelo ndizo zidali chikalata chake.

Ena adzati zimenezo ndi zakale, lero chofunika ndi pepala. Ndivomereza kuti pepala ndi lofunika kwambiri, pakuti nthaka yachepa. Pa kalembera wa mu 1966 Amalawi tidalipo pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa mu 2018 adatipeza tili 17.5 miliyoni, koma dziko silidatambasuke. N'chifukwa chake mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, amene adaunikidwanso mu 2022. Lamulo lokhudza malo a mafumu lidakhazikitsa makomiti a za malo, wapampando wake ali gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Taonani, adzukulu anga, kuti ngakhale lamulo lolembedwa likukubwezerani kwa anthu omwe aja. Tsono kakalata kodindidwa ndi mfumu yokha, kolembedwa madzulo pakhonde, sikakwanira. Musanatulutse ngakhale tambala, pitani ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa mukafunse ngati malowo ndi a mafumu, a boma, kapena a lizi, ndiponso chimene lamulo likuloleza pa malo a mtundu umenewo. Safunsa adadya phula.

Kachiwiri, malo saonedwa m'chilimwe. Mu Seputembala dambo limaoneka ngati bwalo la mpira, ndipo msewu uliwonse umapitika. Kabwerereniko mu Febuluwale, mvula ili pakati, mukaone kumene madzi amadzera. Funsani agogo a m'mudzimo chifukwa chake malo okongola chotere adakhala opanda nyumba. Kawirikawiri pamakhala chifukwa. Pena ndi pafupi ndi manda, pena m'chigawo chapakati ndi njira ya kudambwe, penanso ndi njira ya napolo. A ku Zomba amakumbukira za mu 1946, a ku Phalombe za mu 1991, ndipo tonse tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 m'munsi mwa phiri la Soche ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Wokonda kumanga m'mphepete mwa phiri chifukwa cha kukongola kwa malo ayambe wamva mbiri ya phirilo. Yezaninso mtunda wa kumjigo, wa kuchigayo ndi wa kuchipatala, ndipo muuyeze ndi miyendo imene mudzakhale nayo zaka khumi zikubwerazo.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri, mawu akuti "malo opumulirako" amandidetsa nkhawa akatanthauza kuthawa anthu. Ndaona anthu ena akumanga nyumba kumudzi, n'kuizinga ndi mpanda wautali wa njerwa, n'kuika galu wolusa, iwo n'kumabwera pa Khirisimasi pokha. Maliro akagwa sapezeka, ntchito youmba njerwa za sukulu ikafika amatumiza uthenga wakuti atanganidwa. Tsiku limene mbuzi zawo zasowa, kapena moto wolusa wayandikira, amadabwa kuti palibe wokuwa. Paja m'Chichewa mawu akuti "adzukulu" amatanthauzanso anthu okumba manda. Munthu amene sadakhalepo pa siwa ya mnzake, adzamukumbira ndani? Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Walira mvula walira matope: wofuna bata la kumudzi alandirenso misonkhano ya kwa mfumu, chipepeso cha pamaliro, ndi mnansi wodzapempha mchere m'mamawa.

Ngakhale boma lidaizindikira mfundo imeneyi. Pa ntchito ya Kudzigulira Malo, imene idachitika kuyambira 2004 mpaka 2011 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, mabanja pafupifupi 15,000 osowa minda, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi Mulanje, adapeza malo atsopano, makamaka ku Machinga ndi Mangochi. Anthuwo sankasamuka mmodzimmodzi. Ankapita m'magulu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ngati alimi ozolowera khasu adafunika anzawo kuti akhazikike kuchilendo, nanga bwanji kalaliki wopuma pa ntchito amene manja ake adazolowera cholembera?

Tsono malangizo anga ndi awa. Nyumba ya m'tauni ikakulakani, lolani mtima uyambe wazizira. Yambani mwafunsa kwanu, kwa atsibweni kapena kwa abale a bambo wanu, ngati kulibe kachigawo kamene mungamangepo, pakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ngati kwanu kwadzaza, sankhani mudzi umene muli ndi wokudziwani, mukachite lendi kanyumba pa malo ochitira malonda apafupi kwa dzinja limodzi, muzipemphera nawo, muzilira nawo maliro. Pofika nthawi yokolola mudzakhala mutadziwa munda umene uli ndi mkangano ndi umene ulibe, ndipo eni mudzi adzakulozerani okha malo abwino. Nkhono imatulutsa maso ake kwa munthu amene wakhala pansi n'kudikira.

Tsalani bwino, adzukulu anga. Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za udindo wa ankhoswe m'banja.