Wopezeka ndi shuga asangobwerera ndi "musadye"

Munthu akangouzidwa kuti ali ndi matenda a shuga, mutu umaima. Namwino amafotokoza za nsima, mankhwala, maso ndi mapazi, koma pofika kunyumba zambiri zaiwalika, atsala ndi mantha basi. Ena amayamba kudzimana chakudya, ena amathamangira kwa ogulitsa zitsamba.

N'chifukwa chake tikuti mukaperekeza m'bale wanu, musatuluke m'chipinda cha namwino musanagwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zoti akwaniritse pofika tsiku lobwereranso. Mawu oti "muzidzisamala" sathandiza. Cholinga chikhale chowerengeka: kuyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata, zomwe zikukwana mphindi 150 zimene bungwe la WHO limalimbikitsa, kusiya zakumwa zotsekemera, kapena kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse ngati pali bala. Zilembedwe m'buku lakuchipatala, ndipo wodwalayo asankhe nawo. Agogo a nyamakazi sangayende ngati mnyamata wa kabaza.

Inu mavolontiya, pokamuyendera tsegulani bukulo. Ngati cholinga chalephereka, musamukalipire, funsani chomwe chavuta. Mwachitsanzo, mankhwala a metformin amatsegula m'mimba anthu ena masiku oyambirira. Zikatero akauze namwino msanga, asasiye kumwa payekha.