Malegeni Sangagwire Kabwato pa Denga la Galimoto

Alendo amene amapita kukacheza ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, nthaŵi zina amanyamula timabwato topepuka pa denga la galimoto. Timabwatoti timatchedwa kayaki. Eni ake a luso limeneli ndi anthu a mtundu wa Inuit a ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, amene ankalumikiza mitengo kapena mafupa ndi kukutira ndi zikopa, koma masiku ano tambiri ndi ta pulasitiki. Kabwato ka munthu mmodzi kamalemera makilogalamu 20 kapena 30 chabe, osafika n'komwe pa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Kupepuka kumeneku ndiko kumanyenga anthu: amakulunga malegeni kaŵiri katatu, nagwedeza ndi dzanja, nati zatheka.

Malegeni si onyozeka ayi. Pa kaliyala wa njinga amagwira nkhuni, makala, ngakhale dengu la tomato, chifukwa amatamuka ndipo njinga siithamanga kwenikweni. Koma kutamuka komweko kumasanduka chilema pa galimoto, pakuti chimene woyendetsa akulimbana nacho ndi mphepo, osati kulemera kwa katundu. Wophunzira aliyense amene anamvetsera bwino phunziro la sayansi adziŵa kuti liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvu ya mphepo imaŵirikiza kanayi. Tsono kabwato kamene kanakhala phee pamene galimoto inali kuyenda makilomita 50 pa ola, kamakankhidwa ndi mphamvu yoŵirikiza kanayi galimotoyo ikafika pa makilomita 100. Mphepo imaloŵa kunsi kwa mutu wake ndi kuutukula. Legeni imatamuka, mpata umakula, mphepo yambiri imaloŵa, ndipo mphira imene yawauka kale ndi dzuŵa imaduka mosapereka chizindikiro.

Pa liŵiro limenelo galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kabwato kakapulumuka, woyendetsa amamva phokoso chabe. Wolandira tsoka ndi amene ali m'mbuyo: wapanjinga, mayi wosenza mtolo m'mbali mwa mseu, kapena anthu odzaza mu minibasi.

Chofunika ndi malamba aŵiri osatamuka, aja okhala ndi kachitsulo ka mano kumapeto. Lamba aliyense adutse kunsi kwa mpiringidzo wa kaliyala, akwere pamwamba pa kabwato, atsike mbali inayo, azungulirenso kunsi kwa mpiringidzo womwewo ndi kubwerera ku kachitsulo kaja. Atsike mokhudza nthiti za kabwato, osati kutali kumapeto a mpiringidzo, kuopa kuti kangamaseŵere uku ndi uku. Ena amakonda malamba omangitsa ndi chogwirira chopukusa, onga amene amamangira katundu pa malole. Ameneŵa amalakwira mbali ina: amafinya mopyola muyeso, ndipo pulasitiki yotenthedwa ndi dzuŵa la kunyanja imapindika msanga. Mphamvu ya manja ndi yokwanira.

Pamene anthu ambiri amachita ulesi ndi pa zingwe za kumutu ndi kumchira. Amati malamba aŵiri akwana. Akwanadi, malinga kaliyalayo ali wolimba; nanga zomangira zake zikamasuka pa denga? Pamenepo kabwato ndi kaliyala zimauluka pamodzi, malamba ali chimangire. Chingwe chochokera kumutu kwa kabwato kufika pa chitsulo chokokera galimoto kutsogolo, ndi china kumbuyo, ndizo zimagwira katunduyo pa galimoto yeniyeniyo. Cha kumbuyocho chimaonetsa ntchito yake potsika mapiri, monga pa mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, pamene mabuleki amaimitsa galimoto koma katundu akufuna kupitirira. Zingwe zimenezi zingokhala zowongoka, zisakokedwe mpaka kupinda kabwato, ndipo nsonga zotsala zimangidwe mfundo kuti zingakodwe m'matayala.

Lamba akamalira ngati njuchi pa ulendo, mankhwala ake ndi kumupotokola kamodzi pamene wadutsa m'malere. Ndipo popeza katundu amakhazikika galimoto ikagwedezeka m'maenje, malamba amene anali olimba ponyamuka amapezeka atalekerera pang'ono. Woyendetsa aime pakapita mphindi 15 kapena 20, akoke lamba aliyense, agwedeze mutu wa kabwato. Ngati galimoto yonse igwedezeka pamodzi ndi kabwatoko, ulendo upitirire.