Mwana wanu adziwa TikTok, nanga 991 aidziwa?

Mwezi watha akulu anga anagwa m'khichini. Ali na BP, ndipo tsiku limenelo anauka mutu ukuwawa, koma anati ni kulema cabe. Amuna awo anali atakwela kale basi ya m'mamawa kupita ku Town. M'nyumba munatsala iwo na mwana wawo wa zaka 5.

Foni inali pampando. Ni foni imodzimodzi imene mwanayo amatsegula yekha kuti aonelele makatuni. Koma sanatumile munthu aliyense. Anatenga citenje, anawafundika amake, n'kukhala pambali pawo. Mwayi wake, aneba anabwela kudzabweza poto. Atagogoda, mwana anayankhila pa windo ati, "Amami agona pansi, sayankha." Anebawo ndiwo anafuna takisi. Akulu anga ali bwino tsopano.

Madzulo ake ndinamufunsa mwanayo cifukwa cake sanaitane anthu. Yankho lake likali kundivuta mpaka lelo: "Amami anakamba ati nisatsegule citseko olo munthu agogode. Ati nikatuluka azanimenya."

Mwana sanalakwe, anamvela lamulo. Ise akuluakulu ndife tinamupatsa lamulo la hafu. Timauza ana kuti osatsegula, osatuluka pageti, osakamba na anthu osawadziwa, osagwila foni yanga. Zonsezi n'zabwino, Lusaka tiidziwa. Koma ni angati mwa ife amene anawonjezelapo kuti, "Ukaona amami agwa, kapena utsi wadzala m'nyumba, malamulo onse aja yasila, thamanga ukakuwe"?

Inu amene mwapanikizana anayi pampando umodzi m'mawa uno, ambili mwasiya ana kunyumba. Ena ali na ambuye awo okalamba, ena ali na mkulu wawo wa Giledi 4. Foni ili m'thumba mwanu. Ndiye cifukwa cake ine ndikamba kuti nambala yoyamba ya mwana wa mukomboni si ya pafoni iyai, ni citseko ca aneba. Musankhileni nyumba ziwili, mupite naye, mumuonetse, ndipo eni nyumbawo muwauze. Mwana adziwe kuti kumeneko aloledwa kugogoda ngakhale usiku.

Manje za manambala. Apolisi ni 991, ambulansi ni 992, ozimitsa moto ni 993. Pafoni ya m'manja palinso 112. Safuna thokotaimu, ndipo ngakhale foni ili yokhoma, pamene mumalemba PIN pamakhala mau akuti Emergency. Muonetseni mwana pamene pali mauwo. Palinso 116 ya Childline, yaulele, imene mwana angatume ngati wina amucita nkhanza, ngakhale wa m'nyumba momwemo.

Ndidziwa zimene a kumpando wakumbuyo mukamba: ati ambulansi izangena bwanji mu Kanyama nthawi ya mvula, madzi ali m'mawondo? Simunaname. Ndiye cifukwa cake ndayambila pa aneba. Koma moto ukabuka, kapena kawalala akalowa, wina afunika kutuma foni, ndipo nthawi zina wamkulu amene alipo ndiye wagona pansi uja.

Kutuma ni kwapafupi, covuta ni kukamba. Uko akayankha adzafunsa kuti ndiwe ndani, cacitika n'ciani, uli kuti. Funso lothela ndilo limagwetsa ngakhale ife akuluakulu. M'makomboni ambili, nambala ya nyumba siithandiza dalaivala. Timalondolelana na zizindikilo: pambuyo pa maliketi, pafupi na thanki ya madzi, geti yofiila pambali pa kantemba. Pangani ciganizo cimodzi cacifupi, mwana aciloweze monga pemphelo. Ndipo adziwe dzina lanu lenileni. Kapita mwana wosowa pa City Market umufunse dzina la amake, adzakuuza kuti ni "Mami". Theka la azimai a mu Lusaka ni "Mami".

Nambala yanu ili na manambala 10. Mwana amene aimba nyimbo yonse ya Yo Maps osaphonya liu sangakangiwe manambala 10. Iikeni m'kanyimbo. Pamene basi yaima pa jamu ya pa Kafue Roundabout, iye ali pamendo panu, muziimba naye pang'onopang'ono. Akondakita akaseka, alekeni aseke. Ilembeninso papepala, muimatike kumbuyo kwa citseko, pamene maso a mwana afika.

Cimene ndiopa kwambili ni nkhani ya moto. Kuyambila pa cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, makandulo na mbaula zinabwelela m'nyumba zathu. Mwana akagwetsa kandulo pa katani, cinthu coyamba cimene aganiza si moto, ni mkwapulo. Ndiye amathawila kunsi kwa bedi, kumene utsi umamupeza. Muuzeni lelo, na pakamwa panu, kuti ngakhale iye ndiye wayatsa, simudzamumenya. Atuluke coyamba, asabwelele kukatenga nsapato kapena foni, akuwe ali panja. Ngati nthawi zonse mumamenya mwana akaulula colakwa, apa muli na nchito yaikulu kuposa kumuphunzitsa 993.

Muuzeninso kuti manambala awa si oseweletsa. Poyeseza, foni ikhale yozima, inu mukhale wapolisi, iye atume.

Pa Sande ndinayesa na mwana wa akulu anga. Ndinagona pansi pa sitingi, iye anathamangila kwa aneba aja n'kugogoda mwamphamvu mpaka galu anauwa. Dzina la amake analikamba lonse. Pa nambala anakwanitsa 8, awili othela anawasintha malo. Tizabwelezanso Sande ino.