Aweruza Gule Asanamuone

Mu December 1994, mayi Arlene Croce, amene ankalemba za magule m'magazini ya The New Yorker, adatulutsa nkhani yaitali yonyoza Still/Here, gule wa Bill T. Jones. Chodabwitsa nchakuti mayiwo adaulula okha kuti guleyo sadamuone, ndipo sakufuna nkomwe kukamuona. Eti poti Jones adajambula pa vidiyo anthu odwala matenda oopsa akusimba za moyo wao, ndiye kuti amangopempha chisoni kwa oonerera. Abale, ndi bwalo liti limagamula mlandu mboni zisanalankhule?

Jones ndi munthu wakuda, wokonda amuna anzake, ndipo ali ndi kachirombo ka HIV. Bwenzi lake lovina nalo, Arnie Zane, adamwalira ndi Edzi mu 1988. Za imfa ankazidziwa bwino kuposa omunyoza. Mayi aja akadapita, akadaona kuti odwalawo ankaoneka pa vidiyo chabe. Ovina anali akatswiri a gulu la Jones. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwayi wake, amene amasankha zokaonetsa pa chikondwerero cha Next Wave ku Brooklyn Academy of Music adamupatsa bwalo chaka chomwecho, ndipo mu 2024 guleyo adabwereranso pa bwalo lomwelo. Apa mpamene pagona nkhani: wosankha ndiye agwira kiyi. Akatseka chitseko, gule amafera kuchipinda. Ife kuno tidaona Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ikutisankhira zoti tione. Tisanamizane kuti sitikuzidziwa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1982 Ishmael Houston-Jones, wovina wakuda wa ku New York, adatopa nkudikira. Adakonza yekha mndandanda wa zionetsero wotchedwa Parallels ku Danspace Project, naitana anzake akuda opeka magule achilendo, amene ankaonedwa ngati osowa kwao: kwa azungu sali, kwa magule ozolowereka a anthu akuda salinso.

Koma pali osankha ena oipa kuposa otseka chitseko: otsekulira gule nkutsekera mwini wake panja. Kavinidwe ka vogue kadakulira ku Harlem pakati pa amuna okondana okhaokha ndi anthu obadwa ndi thupi lachimuna koma odzidziwa kuti ndi akazi, ambiri mwa iwo akuda ndi osauka. Madonna adatchuka nako dziko lonse mu 1990. Eni ake ambiri adatsala m'umphawi womwewo.

Tsono inu okonza zikondwerero, tamvani. Kaoneni gule ndi maso anu musanalankhule. Muwalipire oluso amenewa monga mulipirira ena onse. Musamawakumbukire mu June mokha, mwezi wa Pride, ngati ndiwo za pa Khirisimasi. Ndipo nthawi zina muziwapatsa kiyiyo, asankhe okha. Ngati zimenezi zakulemerani, tulani pansi udindo; bwalo si la agogo anu.