Malangizo a zida za AI tiwayese ndi muyeso wa mlangizi wa ku Chisepo

Mlangizi wa zaulimi wa ku Chisepo, m'boma la Dowa, sauza mlimi kuti "bzalani chimanga bwinobwino." Amanena kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mlimi akhoza kuthyola kamtengo n'kuyeza yekha. Ndi muyeso womwewu umene ndikufuna kuti ife ophunzira za makompyuta tiziyesera malangizo a zida zimene zikulola AI kulowa mu browser n'kufufuza chimene chavuta pa webusayiti.

Zidazi ndi zatsopano. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa MCP, njira yolumikizira AI ku mapulogalamu ena. Mu 2025 Microsoft inatulutsa Playwright MCP, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Google inabweretsa Chrome DevTools MCP. Kale AI inkangolemba code osaona zotsatira zake. Lero imatsegula tsamba, kudina mabatani ndi kuwerenga yokha mauthenga a zolakwika.

Chimene ambiri timaiwala n'chakuti malangizo a zida zotere ali ndi owerenga awiri. Woyamba ndi inu amene mukuika chidacho pa laputopu. Wachiwiri ndi AI, chifukwa chida chilichonse cha MCP chimabwera ndi dzina ndi mawu ofotokoza ntchito yake, ndipo AI imadalira mawuwo posankha chochita. Munthu akapanda kumva amafunsa mnzake ku hostel. AI nthawi zambiri imangoyerekeza n'kupitiriza molimba mtima, pomwe tikudziwa kuti safunsa anadya phula.

Choncho ine ndimafunsa mafunso atatu.

Loyamba: kodi andiuza chimene AI iziona? Apa ndiwayamikire a Google. Analemba poyera kuti chida chawo chimaonetsa kwa AI zonse zimene zili mu browser, ndipo anachenjeza kuti musaikemo zinsinsi zanu. Zida zonse ziwirizi zili ndi njira ya --isolated yotsegulira browser yopanda mbiri yakale. Ngati mukukonza webusayiti ya kopaletivi ya alimi a soya, mmene muli maina, manambala a foni ndi ngongole za mamembala, chenjezo limeneli ndi lofunika kuposa china chilichonse pa tsambalo.

Lachiwiri: kodi andiuza mtengo wake kwa munthu wa bandulo? Malangizo oikira zida ziwirizi amakupatsani lamulo la npx lokhala ndi @latest, kutanthauza kuti mtundu watsopano ukatuluka kompyuta iukoka. Wa pa wifi ya ku ofesi sakumva kuwawa. Wophunzira amene ali pa holide kumudzi akulipira megabaiti iliyonse, komanso chida chikhoza kusintha khalidwe pakati pa ntchito. Malangizo abwino ayenera kuika pafupi pomwepo njira yosankhira mtundu umodzi n'kukhala nawo.

Lachitatu: kodi andiphunzitsa kutsimikizira zimene AI yanena? AI ikati "ndakonza," ndikufuna kudziwa pokayang'ana ndekha. Chrome DevTools imatha kuchedwetsa intaneti mwadala kuti ifanane ndi 3G, ndi kufooketsa liwiro la kompyuta kuti ifanane ndi foni yotchipa. Tsamba limene likutseguka msanga pa laputopu ku Lilongwe likhoza kukanika pa foni ya mlimi kuseri kwa phiri ku Ntchisi. AI siyesa zimenezi pokhapokha mutaiuza, ndipo simungaiuze ngati malangizo sanakuonetseni kuti n'zotheka.

Wina anganene kuti zidazi ndi zaulere, ndiye tisamadandaule, komanso wolemba wa ku California sangalembere munthu aliyense padziko. N'zoona ndithu. Koma malangizo onsewa ali pa GitHub, pomwe aliyense akhoza kulemba dandaulo kapena kupereka chiganizo chokonzedwa. Tikakhala chete, olembawo apitiriza kuganiza kuti aliyense ali ndi intaneti yosatha.

Anzanga a final year, musanalole AI kugwira pulojekiti yanu kapena webusayiti ya kasitomala wanu woyamba, werengani malangizowo mpaka kumapeto, muyankhe mafunso atatuwa pa pepala. Limene lasowa yankho, lilembeni pa GitHub sabata yomweyo. Zinsinsi za mamembala zikatuluka, kasitomala adzafunsa inu.