M'kalasi mukufunika a Barnaba

Sukulu zatsegulira. M'mawa uliwonse misewu ya ku Area 25 yadzadzanso ndi ana ovala yunifolomu, ena akudutsa pa msika wa Nsungwi, ena akuthamangira belu lisanalire. Makolo tagula makope ndi zolembera, ena tachita kukongola kuti mwana asapite chimanjamanja. Komatu pakati pa anawa pali ena amene akupita miyendo ili yolemera. Awa ndi ana amene akubwereza kalasi, amene anzawo apita patsogolo iwo n'kutsala pa malo omwewo, pamodzi ndi ana ocheperapo msinkhu. Lero tiyeni tilingalire za mwana wotereyu, chifukwa mmene timamulankhulira ndi mmene zimaonekera ngati tikudziwa kulimbikitsa ana athu kapena ayi.

Chiyambire mu 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali dalitso, koma linabwera ndi katundu wake. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za m'matauni kalasi imodzi imapitirira ana 100. Mphunzitsi angadziwe bwanji dzina la mwana aliyense m'chinamtindi chotere? Amene amakhala kutsogolo ndi kukweza mkono amadziwika. Amene amakhala kumbuyo, chete, amatha chaka chonse osamvapo dzina lake likutchulidwa, kupatula tsiku lotsekera pamene akuwerenga amene alephera.

Pali malo enanso amene ana ambiri amafookera. Kuyambira sitandade 1 mpaka 4 mwana amaphunzira m'Chichewa, koma akafika sitandade 5 maphunziro ambiri amasanduka a m'Chingerezi. Mwana amene dzulo ankayankha mafunso mwachangu lero amangoyang'ana pansi. Nzeru zake sizinathe ayi, chomwe chasintha ndi chiyankhulo. Koma akafika kunyumba ndi zotsatira zoipa amamva kuti ndi mbuzi, mutu wake ngwouma, angotaya ndalama za makolo. Mawu oterewa amakhazikika mumtima kuposa ndodo. Mwana akawamva kawirikawiri amayamba kuwakhulupirira, ndipo mapeto ake timamupeza akugulitsa majumbo pamsika kapena akudikira maganyu ku Kanengo nthawi ya sukulu.

Tisaiwalenso kuti ana athu adutsa m'nyengo zovuta. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa kuyambira mwezi wa March chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa mu September. Atsikana ambiri anatenga mimba, ena sanabwererenso. Mu January 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Mwana amene wabwerera kusukulu atabereka, kapena atajomba nthawi yaitali, wachita chamuna. Ayenera kulandiridwa ndi manja awiri, osati kumulozerana zala.

Buku la Machitidwe a Atumwi limatiuza za mnyamata wina, Yohane Marko, amene ananyamuka ndi Paulo ndi Barnaba pa ulendo wawo woyamba, koma atafika ku Pamfuliya anawasiya n'kubwerera ku Yerusalemu. Pa ulendo wachiwiri Paulo anakana kumutenga, poti anali atalephera kale. Barnaba anaumirira, mpaka awiriwo anapatukana, ndipo iye anatenga Marko kupita naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa anali wothandiza pa utumiki. Barnaba sananene kuti Marko sanalakwe. Iye anangokana kuti kulephera kamodzi kukhale dzina la mnyamatayo mpaka kalekale.

Uku ndiye kulimbikitsa. Sikutanthauza kunamiza mwana kuti wakhoza pamene walephera, kapena kumulonjeza njinga imene sitingagule. Ndi kumuonetsa chimene akutha kale, ndi kumuuza chotsatira chimene angakwanitse sabata ino. Mwana amene anapeza malikisi 20 n'kufika pa 35 sanakhoze mayeso, koma wayenda ulendo, ndipo ayenera kumva kuti wina waona. Aphunzitsi athu, kuphatikizapo amene akusulidwa pa Lilongwe Teachers Training College konkuno ku Area 25, tikukupemphani: tsiku lililonse itanani ndi dzina ana angapo a kumbuyo, mufunseni mwana funso limene angathe kuyankha, ndipo akalakwitsa musalole kuti kalasi imuseke. Kuchonga makope 100 ndi ntchito yotopetsa, tikudziwa, koma mawu awiri achiyamiko pansi pa tsamba mwana amawasunga zaka.

Koma mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi amakhala ndi mwana maola ochepa, nthawi yotsalayo ali ndi ife. Ngakhale kholo limene silinapite patali ndi sukulu lingathe kutsegula kope madzulo n'kunena kuti, "Tandiuza zimene mwaphunzira lero." Lingathe kuchepetsa ntchito za mwana wamkazi kuti naye apeze nthawi yowerenga, ndi kuona kuti mwana wamwako phala asanatuluke, pakuti wanjala samva. Lingathe kupita kukaonana ndi aphunzitsi teremu ikungoyamba, osadikira kuitanidwa pa mlandu. Tilekenso kuyerekeza mwana ndi mkulu wake kapena ndi wa oyandikana nawo.

Nayo mipingo yathu ili ndi gawo lake. Timapempherera ana a sitandade 8 ndi folomu 4 mayeso a MANEB akayandikira, ndipo ndi bwino. Nanga bwanji osayamba pano, chaka chikungoyamba? M'milaga ndi m'miphakati mwathu muli achinyamata amene anamaliza folomu 4, muli aphunzitsi opuma. Atapatula ola limodzi Loweruka kuthandiza ana kuwerenga, ambiri angapulumuke. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Abale ndi alongo, m'nyumba zathu muli a Marko ambiri amene abwerera kusukulu ndi manyazi. Sabata ino aliyense wa ife asankhepo mwana mmodzi, amuitane ndi dzina lake, amufunse mmene sukulu ikuyendera, ndipo amumvetsere mpaka amalize. Ambuye atipatse mtima wa Barnaba.